Galu wamkota sakandira pachabe: za kuyabwa kosatha ndi matenda obisala m'kati

Mwambi uli pamwambawu ndi wodziwika kulikonse kumene Chichewa chimayankhulidwa. Alenje akale adaona kuti galu amene wakalamba ndi uzimba akaima pa una n'kuyamba kufukula dothi, m'katimo mumakhala kanthu, pamene kagalu kakang'ono kamakanda paliponse chifukwa cha chibwana. Choncho mwambiwu umalangiza ana kuti munthu wamkulu akalimbikira kunena chinthu asamuyese wobwebweta. Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu amene adauloweza mwambiwu pamtima ndi omwenso amaseka nkhalamba imene yatha miyezi itatu ikudzikanda usana ndi usiku, namanong'onezana kuti agogo adaleka kusamba. Ulemu umene amaupereka kwa galu wosaka mbewa amalimana thupi la munthu.

Nkhani ili pano ndi ya kuyabwa kosatha, makamaka kuja kumene kumadza khungu lili losalala, lopanda zidzolo, zipere kapena nsungu, pongooneka mikwingwirima ya zikhadabo za mwini wake. Madokotala a bungwe la International Forum for the Study of Itch adagwirizana m'chaka cha 2007 kuti kuyabwa kumene kwafika masabata 6 kuziwerengedwa ngati vuto lofunika kulifufuza gwero lake, ndipo pa magwero amene adawandandalika adaikapo matenda a ziwalo za m'kati monga impso, chiwindi ndi magazi. Kuteroko n'kunena kuti nthawi zina khungu limangokhala ngati mnyamata wotumidwa kukanena uthenga wa matenda kwa abale. Banja lanzeru limamva uthengawo n'kunyamuka. Banja lopusa limatsekera pakamwa wotumidwayo, n'kumati zinthu zili bwino chifukwa pakhomo pali zii.

Munthu wodzikanda amaweruzidwa m'njira zinayi m'midzi ndi m'matauni momwe, ndipo zonse zinayi zimamuchedwetsa kufika kumene akadathandizidwa.

Chiweruzo choyamba ndi cha uve. Kudzikanda pagulu kumayesedwa kupanda mwambo, ndipo mwana wochita zimenezi amadzudzulidwa. Tsono munthu wamkulu, mkulu wa mpingo kapena nyakwawa, akagwidwa ndi kuyabwa amakubisa. Amavala malaya a manja aatali nthawi ya chilimwe, amasiya kupita ku misonkhano, ndipo usiku amadzikhula ndi chitsononkho mpaka magazi. Pofuna kuchotsa chitonzo amasamba madzi otentha katatu pa tsiku ndi sopo wochapira zovala, nadzipala ndi mwala. Zimenezi zimachotsa mafuta achilengedwe a pakhungu, khungulo limauma, kuyabwako n'kuwirikiza. Mbewa yamanyazi idafera kuuna, ndipo amene amalimbikitsa manyaziwo ndi ana ndi adzukulu amene amaseka.

Chiweruzo chachiwiri chimaoneka ngati nthabwala chabe. Aliyense adamvapo kuti dzanja likayabwa ndiye kuti kukubwera ndalama, phazi likayabwa kuli ulendo. Kukakhala kuyabwa kwa mphindi imodzi, palibe chovuta, anthu aseke n'kudikira ndalama zawozo. Koma pali nthenda ya chiwindi imene imagwira amayi ena oyembekezera m'miyezi itatu yomaliza, pamene ndulu imaleka kuyenda bwino n'kuyamba kuchuluka m'magazi. Chizindikiro chake chachikulu ndi chomwecho: zikhatho ndi mapazi kuyabwa koopsa, makamaka usiku, popanda chotupa chilichonse. Mayi amachira akangobereka, koma khanda likhoza kubadwa masiku asanakwane kapenanso kufera m'mimba. Azamba ndi madokotala akaidziwa msanga nthendayi amayeza magazi, amamuyang'anira mayiyo pafupipafupi, ndipo nthawi zina amamuthandiza kuti achire masiku asanathe n'cholinga chopulumutsa mwana. Apongozi amene auza mtengwa wawo kuti "asangalale, ndalama zikubwera" m'malo momuperekeza ku sikelo, akhoza kudzalira mdzukulu amene sadamunyamule n'komwe.

Chiweruzo chachitatu ndicho choopsa kuposa zonse chifukwa chimapweteka anthu awiri nthawi imodzi. Munthu akatupa mapazi ndi nkhope, nayamba kuwonda, kufooka ndi kuyabwa thupi lonse, pamudzi pamamveka mawu akuti tsempho kapena mdulo. Anthu amayamba kufunsana kuti adathira mchere m'ndiwo ali wosayenera ndani, kapena adalumpha mwambo wa m'nyumba ndani. Pena amati wadya nyama imene mtundu wake umasala. Zikakanika zonsezi, chala chimaloza nkhalamba ina ya pamudzi kuti ndiyo idamuwaza mankhwala. Komatu kutupa mapazi ndi zikope, kufooka, nseru ndi kuyabwa ndi zizindikiro zenizeni za impso zimene zatopa. Mkazi wosalakwa amanyamula mlandu, banja limagwedezeka, mbuzi imapita kwa woombeza, pamene impso zikunka zifa tsiku ndi tsiku. Lamulo lokhudza ufiti la m'chaka cha 1911 lidaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silingalowe m'nyumba iliyonse. Owerenga Baibulo akumbukira kuti Yobu adadzikanda ndi phale atakhala paphulusa, ndipo abwenzi ake atatu adataya masiku ambiri akufunafuna tchimo limene iye sadachite.

Chiweruzo chachinayi chimaperekedwa pamsika. Wogulitsa amene sadaphunzirepo za thupi la munthu amatulutsa kachubu ka mafuta, nati awa ndi amphamvu. Ambiri mwa mafuta amenewa ali ndi mankhwala a gulu la steroid monga betamethasone ndi clobetasol, omwenso ena amadzola pofuna kuyeretsa khungu. Mankhwalawa ali ndi ntchito yake akalembedwa ndi dokotala pa nthenda yoyenera, koma akadzoledwa miyezi yambiri amapyapyalitsa khungu, amakulitsa zipere, ndipo sachita kanthu pa chiwindi kapena impso. Wina amaonjezapo mapiritsi opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti mapiritsi amenewa amaononga impso zimene zili kale zofooka. Winanso amamwa zikho za mizu yosadziwika mlingo wake, chiwindi chodwala n'kumalimbana ndi katundu wina pamwamba pa amene chili naye kale.

Wokayika kuti kuyabwa kungachokere m'kati afunse aliyense amene adadwalapo malungo chisanafike chaka cha 1993. M'masiku amenewo mankhwala a malungo adali chloroquine, ndipo anthu ambiri akuda akamwa piritsi lowawa lija ankayabwidwa thupi lonse, makamaka m'zikhatho ndi kumapazi, mpaka kulephera kugona masiku awiri kapena atatu. Pakhungu sipankaoneka kanthu. Panalibe nsabwe, nsikidzi kapena utitiri. Chinthu chidalowa pakamwa, chidayenda m'magazi, ndipo khungu lidayankha. M'chaka cha 1993 dziko la Malawi lidakhala loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba kugwiritsa ntchito Fansidar ngati mankhwala oyamba a malungo, choncho adzukulu a lero sadalawe zimenezi. Koma phunziro lake likadalipo. Ngati piritsi limodzi lidatha kuchita zimenezo, nanga bwanji zonyansa zimene impso zalephera kutaya kwa chaka chathunthu?

Phunziro lina lili mu chitedze, chomera chimene mwana aliyense wolisa mbuzi amachiopa. Ubweya wa makoko ake uli ndi chinthu chotchedwa mucunain, ndipo akatswiri a ku Ulaya ndi ku America amagwiritsa ntchito ubweya womwewo pofufuza m'mene kuyabwa kumayendera m'thupi. Adapeza kuti kuyabwa kuli ndi njira zingapo. Kwina kumadzera mu histamine, monga kuja kwa kulumidwa ndi udzudzu kapena kwa ziwengo, ndipo kumeneko mapiritsi onga Piriton amathandiza. Kwa chitedze kumayenda m'mitsempha ina imene Piriton saifika bwino. Kuyabwa kwa impso ndi kwa chiwindi nakonso kwakukulukulu sikudzera mu histamine. N'chifukwa chake wodwala amatha mapaketi a Piriton, n'kumangowodzera masana onse koma kuyabwa kuli pomwepo. Piritsi likakanika chotere, limenelo ndi umboni woti gwero lili kwina, osati chifukwa chomwera awiri m'malo mwa limodzi.

Impso ndi zimene ziyenera kutchulidwa poyamba chifukwa zimadwala mwakachetechete. Ntchito yake ndi kusefa magazi ndi kutaya zosafunika kudzera mu mkodzo. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi ndi amene amaziononga kwambiri, ndipo likodzo losachiritsidwa likhoza kutseka njira za mkodzo n'kuzipweteka. Munthu akhoza kutaya gawo lalikulu la mphamvu ya impso zake asanamve kupweteka kulikonse. Zikafika pofooka kwambiri, khungu limauma n'kutuwa, msana, mikono ndi miyendo zimayabwa, mkodzo umachita thovu, munthu amadzuka kangapo usiku kukataya madzi, ndipo chakudya sichimukomera. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri adaonetsa kuti pafupifupi anthu 4 mwa 10 aliwonse amene amasefedwa magazi ndi makina a dialysis amavutika ndi kuyabwa kosautsa. Makina otere amapezeka m'zipatala zazikulu zochepa, monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth Central ku Blantyre, ndipo sangakwanire aliyense. Kupima mkodzo ndi kuyeza creatinine m'magazi kukhoza kuulula vutoli nthawi ikadalipo yoti mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi achedwetse kuonongekako.

Chiwindi chimapanga ndulu, ndipo ndulu iyenera kutsikira m'matumbo. Njira yake ikatsekeka ndi timiyala ta m'ndulu, ndi chotupa cha m'kapamba, kapena chiwindicho chikaonongeka ndi tizilombo ta hepatitis B ndi C kapena ndi mowa monga kachasu, zimene zikadatuluka zimabwerera m'magazi. Kuyabwa kwake kumakonda zikhatho ndi mapazi, kumakula usiku, ndipo nthawi zina kumayamba chikasu chisanaoneke m'maso. Mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chimayererako. Katemera wa hepatitis B adayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi m'chaka cha 2002, kutanthauza kuti makolo ambiri ndi agogo a lero adakula osatetezedwa, ndipo ena ali nako kachilomboka osadziwa. Apa ndi pamene mwambi wa chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, umapherezera. Munthu amaoneka wonenepa ndi wathanzi, amalima, amakwera njinga, pamene chiwindi chake chikuuma.

Magazi nawo ali ndi mbali yake. Kuchepa kwa ayironi m'thupi, kumene kumadza ndi njoka za m'mimba, kutaya magazi ambiri pa nthawi ya kumwezi kapena zilonda za m'mimba, kumayabwitsa thupi, ndipo kumachizika mosavuta gwero lake likapezeka. Pali nthenda ina yotchedwa polycythaemia vera, pamene magazi amachuluka mopitirira muyezo, ndipo chizindikiro chake chodabwitsa n'chakuti munthu amayabwidwa akangotuluka m'bafa. Palinso khansa ya Hodgkin, imene dokotala wa ku London Thomas Hodgkin adaifotokoza m'chaka cha 1832. Imakonda achinyamata ndi anthu opitirira zaka 55, ndipo mwa odwala ena kuyabwa kumatsogola miyezi ingapo zizindikiro zina zisanaoneke. Pambuyo pake pamadza mwanabere wosapweteka m'khosi kapena m'khwapa, thukuta lonyowetsa zofunda usiku, kutentha thupi ndi kuwonda. Khansa imeneyi ndi imodzi mwa zimene ambiri amachira ikapezeka msanga. Mnyamata amene wapatsidwa mafuta a mphere kasanu konse, am'nyumba mwake onse ali bwinobwino, akutaya miyezi imene sidzabwereranso.

Matenda a shuga amaumitsa khungu ndiponso amabweretsa mauka obwerezabwereza, kotero kuti mayi amene akuvutika ndi kuyabwa kumalo obisika mwezi ndi mwezi, namva ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, ayenera kuyezetsa shuga m'malo mopita kukadulidwa ndi lumo. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira muyezo, munthu amayabwidwa, amachita thukuta, mtima umagunda msanga ndipo amawonda ngakhale akudya. Kachilombo ka HIV kamabweretsa tiziphuphu toyabwa m'mikono ndi m'miyendo chitetezo cha m'thupi chikatsika, ndipo timeneti nthawi zambiri timazilala munthu akayamba kumwa ma ARV, amene akhala akuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma kuyambira m'chaka cha 2004. Anthu a ku Thyolo, Mulanje, Mwanza ndi Neno amadziwanso kuyabwa kwa mtundu wina, kochokera ku tinyongolotsi timene timalowa m'thupi munthu akalumidwa ndi tintchentche takuda toswana m'mitsinje yothamanga. Mankhwala ake, ivermectin, akhala akugawidwa m'madera amenewa kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo William Campbell ndi Satoshi Ōmura adalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2015 chifukwa cha ntchito imene idabala mankhwalawa.

Alipo amene angatsutse kuti nkhani yotereyi ikungoopseza anthu, popeza kuyabwa kwambiri kumachokera pa zinthu zazing'ono. M'mawu amenewa muli choona. Khungu la okalamba limauma, makamaka m'miyezi ya June ndi July, ndipo mafuta odzola wamba monga Vaseline amathetsa vutolo. Mphere zimadziwika chifukwa zimakonda pakati pa zala, m'chiuno ndi m'khwapa, ndipo zimagwira am'nyumba angapo nthawi imodzi. Sopo watsopano, nsikidzi ndi zovala zoyabwa ziliponso. Koma zonsezi zimatha zikachizidwa moyenera. Funso ndi la munthu amene wadzola, wachapa zofunda, wasintha sopo, masabata 6 atha, iye yekha m'nyumbamo akadadzikanda. Kwa ameneyo mawu akuti "anthu ambiri sichikhala chachikulu" ndi chitonthozo chabodza. Akayezedwa n'kupezeka wopanda vuto, wataya tsiku limodzi ndi ndalama ya basi. Akakhala pansi vuto lilipo, chimene angataye ndi moyo.

Ena angati kulankhula motere n'kunyoza miyambo ya makolo. Kunena zoona, mwambo weniweni uli mbali ya wodwala. Pakati pa Achewa matenda sadali chinsinsi cha munthu mmodzi. Munthu akadwala, uthenga unkapita kwa mwinimbumba, ndipo atsibweni adali ndi udindo wofunafuna thandizo kulikonse kumene lingapezeke, ngakhale kutsidya la mtsinje. Makolo amenewo adalibe makina oyezera magazi, choncho adafotokoza zimene ankaona ndi nzeru zimene adali nazo. Akadakhala ndi njira yoonera m'kati mwa impso, anthu amene adapeka mwambi woti safunsa adadya phula sakadaikana. Wolemekeza makolo ndi amene watenga mtima wawo wofunafuna thandizo n'kupita nawo kumene kuli thandizo lero. Wokakamira mawu akuti tsempho pamene m'bale wake akutupa wasunga chikho n'kutaya madzi.

Nawonso ogwira ntchito zachipatala sangapulumuke pa mlanduwu. Mzere umakhala wautali, odwala malungo ndi chibayo ali pakhomo, ndipo nkhalamba yodandaula za kuyabwa imaoneka ngati yotayitsa nthawi. N'kosavuta kulemba calamine ndi Piriton n'kuitana wotsatira. Koma munthu amene kabuku kake ka kuchipatala kakuonetsa kuti wabwera kachitatu ndi dandaulo lomwelo ayenera kuyang'anidwa m'maso ngati muli chikasu, kupimidwa m'khosi ndi m'khwapa, kuyezedwa kuthamanga kwa magazi, shuga, mkodzo ndi HIV, ndipo ngati chipatala chaching'ono chilibe zoyezera impso ndi chiwindi, alemberedwe kalata yopita ku chipatala cha boma cha m'bomalo. Kuyabwa kosatha kumalanda tulo, kumafooketsa munthu pa ntchito, ndipo ena kumawafikitsa potaya mtima. Sikoyenera kuchepetsedwa ndi munthu amene amagona bwino usiku uliwonse.

Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo n'zoona kuti wodwala ayenera kuyamba ndiye kunena. Koma agogo ambiri sanena, poopa kuvutitsa ana awo ndiponso poopa kusekedwa. Apa ndi pamene mdzukulu wophunzira aonetsere phindu la sukulu yake. Akapita kumudzi, kapena akamaimba foni ali ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku London, afunse mwaulemu kuti, "Agogo, kodi kuyabwaku kudayamba liti? Mukugona usiku? Mkodzo wasintha mtundu? Mapazi akutupa? Zovala zayamba kukhwepa? Mukumwa mankhwala anji?" Mayankho awalembe papepala pamodzi ndi mayina a mapiritsi, mafuta ndi zitsamba zonse zimene agogowo agwiritsa ntchito, chifukwa mankhwala ena nawo amayabwitsa, ndipo pepalalo lipite kwa dokotala. Pakakhala chikasu m'maso, mwanabere wosatha, kuwonda kosadziwika chifukwa chake, thukuta la usiku, kutupa nkhope kapena pathupi, asadikire n'komwe masabata 6 aja. Podikira zotsatira, agogo asambe madzi ofunda pang'ono ndi sopo wofatsa, adzole mafuta thupi lisanaumiretu, ndipo zikhadabo ziwengedwe kuti zilonda zisalowe tizilombo.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Wodwala anene, mwinimbumba apeze ndalama ya ulendo, mdzukulu aperekeze ndi kufunsa mafunso, wachipatala ayeze. Ndalama imene ikadagula kachubu kachisanu ka mafuta a pamsika, kapena nkhuku ya woombeza, ndi yomweyo imene ingafikitse agogo pa khomo la chipatala impso zawo zikadali ndi mphamvu.